MBIRI YA ADOLF DASSLER, MMISIRI WA NSAPATO ZA LIWIRO

Pa 6 September 1978, m'tauni yaing'ono ya Herzogenaurach m'dziko la Germany, munamwalira nkhalamba ya zaka 77 dzina lake Adolf Dassler, amene anzake ankamutcha Adi. Awerengi athu ambiri sanamvepo dzina limeneli, komatu ntchito ya manja ake aidziwa bwino, pakuti ndiye mwini wa nsapato za mizere itatu zotchedwa Adidas, zimene anyamata athu amazifunafuna pa milu ya kaunjika ku Limbe ndi ku Lilongwe. Munthu akatola imodzi ya nsapatozo ndi kutembenuza lilime lake, adzapeza polembedwa Vietnam, Indonesia kapena China. Dzina la Germany sadzaliona kawirikawiri. Mbiri ya munthu ameneyu itisonyeza umo zinakhalira kuti ntchito imene inabadwira kuseri kwa nyumba ya mayi wake, nikulira m'manja mwa anansi ake, inasamuka kunka kutsidya kwa nyanja.

Adolf anabadwa pa 3 November 1900, ndipo anali mzime mwa ana anayi a Christoph ndi Pauline Dassler. Tauni yawo ili m'mbali mwa mtsinje wa Aurach, mtunda wa mailosi ngati 14 kuchokera ku mzinda wa Nuremberg. Kale anthu a kumeneko ankapeza chakudya ndi ntchito yoomba nsalu ndi kuzinyika mu utoto, ndipo makolo a Christoph anali a ntchito yomweyo. Koma pamene mafakitale akuluakulu a makina anayamba kutulutsa nsalu zotsika mtengo, oomba pamanja anasowa owagula, kotero kuti tauni yonse inatembenukira ku nsapato, makamaka masilipasi ovala m'nyumba. Mu 1922 m'tauniyo munali anthu ngati 3,500, ndipo mwa iwo 112 anali osoka nsapato. Christoph nayenso analowa m'fakitale ya nsapato. Chotero banja la Dassler linali litalawa kale kuwawa kwa kulandidwa ntchito ndi munthu wakutali wodziwa kupanga chinthu chomwecho pa mtengo wochepa.

Atate wake anafuna kuti Adolf akhale wophika buledi, namtumiza kukaphunzira ntchitoyo mu 1913. Mnyamatayo anapirira mpaka kutsiriza, koma mtima wake unali pa liwiro, kudumpha, kuponya nthungo ndi mpira. Mu 1918 anamlemba usilikali, ndipo pobwerera kwawo chaka chotsatira anapeza dziko lili pa umphawi woopsa. Mayi wake anali dobi wochapa zovala za anthu, koma tsopano panalibe wokhala ndi ndalama yolipira dobi. M'kanyumba kochapiramo kaja ndimo Adolf anaika benchi lake mu 1920. Chikopa chinali chosowa, chifukwa chake ankayendayenda kutola zotsala za nkhondo, monga matumba a asilikali ndi zikopa za m'zisoti zawo, nazidula kukhala nsapato. Magetsi anali ozimazima. Iye anamanga makina ake opalira chikopa pa njinga yakapalasa yoimika pa matabwa, wantchito wake woyamba n'kumapalasa osapita kulikonse. Misomali ya pansi pa nsapato za liwiro ankamsulira a banja la Fritz Zehlein, bwenzi lake la pa ubwana, amene anali osula zitsulo m'tauni momwemo. Mmisiri, wosula ndi wopalasa njinga, onsewo anali anthu omwa madzi a mtsinje umodzi.

Mkulu wake Rudolf anadza kudzathandizana naye, ndipo mu 1924 analembetsa kampani yawo m'dzina la abale awiri a Dassler. Anthuwa anali osiyana ngati usiku ndi usana. Adolf anali wachete, wokonda kukhala pa benchi ndi mpeni m'manja. Rudolf anali wolankhula, wodziwa kukopa ogula. Pofika 1927 anasamukira m'nyumba yaikulu pafupi ndi siteshoni ya sitima, ali ndi antchito 25 osoka mapeyala 100 pa tsiku.

Chimene chinamsiyanitsa Adolf ndi amisiri ena 111 aja tiyenera kuchimvetsa, pakuti ndicho phata la nkhani yonse. Iye sankasoka nsapato ndi kudikira wogula. Ankapita ku bwalo kumene anyamata anali kuthamanga, nagwada pansi kuyang'ana phazi, kuona pamene nsapato yatha msanga, pamene yaluma ndi pamene yaterera, ndi kulemba zonsezo m'kabuku. Madzulo ankabwerera ku fakitale kukasintha chikombole kapena kusuntha msomali umodzi, ndipo m'mawa mwake nsapato yatsopano inali pa phazi la mwini wake kuti aiyese. Anakhulupirira kuti masewera alionse ayenera nsapato yakeyake, ndi kuti nsapato ya wothamanga ipepuke monga momwe ingathere. Njira yotere itheka pokhapokha pamene bwalo ndi benchi zili moyandikana. Mphunzitsi wa othamanga a dziko la Germany, Josef Waitzer, anamva mbiri yake, nakhala bwenzi lake ndi mlangizi. Pa masewera a Olympic a ku Amsterdam mu 1928, mayi wa ku Germany, Lina Radke, anapambana liwiro la mamita 800 atavala nsapato za Dassler.

Ngakhale anali kale mwini fakitale, mu 1932 Adolf anadzichepetsa napita ku sukulu ya amisiri a nsapato ku Pirmasens kuti akaphunzire bwino kusema zikombole. Kumeneko anakomana ndi Käthe Martz, mwana wa mmisiri wa zikombole, namkwatira mu 1934. Anabereka ana asanu, woyamba Horst mu 1936, enawo aakazi. Käthe anali mkazi wa mutu, ndipo m'tsogolo mwake ndiye anagwira mabuku ndi malonda a kampani.

BANGA LA NKHONDO

Pano pali banga limene wolemba mbiri woona mtima sangalibise. Mu May 1933, Adolf Hitler atangotenga boma, abale a Dassler analowa chipani cha Nazi. Boma limenelo linakweza masewera kuti likonzekeretse anyamata za nkhondo, ndipo malonda a nsapato anakwera nalo. Pa masewera a Olympic a ku Berlin mu 1936 othamanga ambiri anavala nsapato za ku Herzogenaurach, ndipo kampani ya Adidas imawerengera pakati pawo Jesse Owens, munthu wakuda wa ku America amene anatenga mendulo zinayi za golide pamaso pa boma lonyoza anthu akuda. Nkhondo yachiwiri isanayambe, abalewo anali kugulitsa mapeyala ngati 200,000 pa chaka. Mu 1943 boma linalamula kuti nsapato zileke, ndipo fakitale inayamba kupanga zida zophulitsira akasinja. Pakati pa ogwira ntchitoyo panali anthu a maiko ena ogwidwa mokakamiza. Nkhondo itatha, bwalo lofufuza anthu a chipani cha Nazi linayamba lamuyesa Adolf wopalamula, koma mu 1947 linatsitsa mlandu wake nanena kuti anali wongotsatira, motero analoledwa kuyendetsanso fakitale yake.

Nkhondo yomweyo inaphwanya ubale. Rudolf anatsekeredwa ndi asilikali a America pafupifupi chaka chathunthu, ndipo anakhulupirira kuti mng'ono wake ndiye anamneneza. Mabanja awiriwo anali kukhala m'nyumba imodzi, akazi awo osamvana. Mu 1948 anagawana makina ndi antchito. Rudolf anaoloka mtsinje wa Aurach ndi anthu ambiri a malonda, nayambitsa kampani imene inadzatchedwa Puma. Amisiri ambiri anatsala ndi Adolf. Pa 18 August 1949 iye analembetsa kampani yake ali ndi antchito 47, dzina lake Adidas, lolumikiza Adi ndi chiyambi cha Dassler. Tauni inagawanika pakati, kufikira kuti anthu ankayamba ayang'ana nsapato za mlendo asanampatse moni. Abalewo sanayanjanenso. Rudolf anamwalira mu 1974, ndipo onse awiri anaikidwa m'manda amodzi, wina kumapeto uku, wina kumapeto uko.

Zaka zotsatira zinali za ulemerero, ndipo sitichedwapo. Pa 4 July 1954, mu mzinda wa Bern, timu ya mpira ya West Germany inagonjetsa Hungary ndi zigoli 3 kwa 2 pa bwalo lonyowa ndi mvula, itavala jombo za Adolf za timisomali tomanga ndi kumasula, kotero kuti anaika tatitali toyenera matope. Mu 1956 Horst, ali ndi zaka 20 zokha, anapita ku masewera a Olympic a ku Melbourne nagawa nsapato kwaulere kwa othamanga. Kuyambira pamenepo mizere itatu inadzaza mabwalo a dziko lonse. Amisiri onsewa anachititsidwa manyazi kamodzi mu 1960 ku Rome, pamene msilikali wa ku Ethiopia, Abebe Bikila, anaona kuti nsapato zimene anapeza kumeneko zinali kumluma, nathamanga mailosi 26 wopanda nsapato, napambana. Koma pobwereza chipambano chake ku Tokyo mu 1964 anali atavala Puma.

Maoda atachuluka, Adolf anamanga mafakitale ena, koma pafupi ndi kwawo, kumene akanatha kufika pa galimoto ndi kugwira chikopa ndi dzanja lake. Mu 1959 anatsegula fakitale ya ku Scheinfeld, m'chigawo chomwecho cha Bavaria, ndipo chaka chomwecho Horst anatumidwa ku Alsace, kutsidya kwa malire m'dziko la France, kukayendetsa fakitale ya ku Dettwiller. Kumene anapita kutali, nthawi zina anachita kukankhidwa ndi maboma. Chitsanzo chake ndi Mexico, dziko limene linali kuteteza amisiri ake ndi msonkho waukulu pa nsapato zochokera kunja. Pokonzekera masewera a Olympic a 1968, Adidas inapangana ndi fakitale ya ku Guadalajara yotchedwa Canada kuti isoke nsapato za mizere itatu m'dziko momwemo, ndipo chifukwa cha ichi inapeza khomo lotseguka, pamene katundu wa Puma anagwidwa pa kasitomu. Boma lodziwa chimene lifuna likhoza kuuza mlendo wamalonda kuti ngati afuna ogula ake, alembenso ntchito ana ake; a ku Mexico anachita chomwecho, ndipo mlendoyo anamvera.

MNYAMATA WA KU OREGON

Pamene zonsezi zinali kuchitika, mu 1962, pa sukulu yaukachenjede ya Stanford ku America panali wophunzira wina wa zamalonda, Phil Knight, amene kale anali wothamanga ku Oregon. Iye analemba pepala la m'kalasi lofunsa ngati nsapato za ku Japan zingathe kulanda msika wa nsapato za ku Germany, monga momwe makamera a ku Japan analandira msika wa makamera a ku Germany. Masiku amenewo malipiro a ku Japan anali otsika, koma ntchito yawo inali yaudongo. Kumapeto kwa chaka chomwecho anapita ku Kobe, napangana ndi kampani ya Kihachiro Onitsuka kuti azigulitsa nsapato zake za Tiger ku America. Mu January 1964 iye ndi mphunzitsi wake wakale, Bill Bowerman, anasonkha madola 500 aliyense nayambitsa kampani ya Blue Ribbon Sports. Chaka choyamba Knight anagulitsa mapeyala 1,300, ambiri mwa iwo kuchokera kumbuyo kwa galimoto lake pa mabwalo a masewera. Mu 1971 anayamba kutulutsa nsapato za dzina lawolawo, Nike, zosokedwa ndi mafakitale a eni ake.

Nzeru ya Knight inali yosemphana ndi ya Adolf. Adolf anali mmisiri amene anaphunzira kugulitsa. Knight anali wamalonda amene anaona kuti munthu akhoza kukhala mwini nsapato wopanda kukhala mwini makina. Chifukwa chake n'chakuti nsapato ya liwiro imadya manja ambiri. Chapamwamba chake ndi tizidutswa tambiri tofewa, timene munthu ayenera kudula, kulumikiza, kusoka, kukoka pa chikombole ndi kumata ndi guluu, ndipo makina amavutika kugwira chinthu chofewa chosintha ndi saizi iliyonse. Komanso nsapato n'chinthu chopepuka, chosaola, chosavuta kutumiza pa sitima yapamadzi. Choncho ntchitoyi imatsata kumene manja ali otsika mtengo, monga madzi atsata chigwa. Pamene ndalama ya ku Japan inakwera mphamvu ndi malipiro ake kukwera m'zaka za m'ma 1970, a Nike anatengera maoda awo ku South Korea ndi Taiwan. Anayesako kukhala ndi mafakitale awo ku America, ku Exeter ndi ku Saco, koma pofika 1985 anali atawatseka.

Ku Germany zinthu zinali kuyenda mwina. Dzikolo linalemera msanga itatha nkhondo, malipiro anakwera chaka ndi chaka, ndipo ndalama yawo ya mark inakula mphamvu, kotero kuti nsapato ya ku Herzogenaurach inafika ku America ili yodula. Kampani inayamba kupereka maoda ena ku maiko ena a ku Ulaya ndi ku Taiwan Adolf akali moyo, koma mtima wa ntchito unali m'mafakitale akeake. Ndipo panadza chinthu chimene nkhalambayo sinachiyembekeze. Frank Shorter wa ku America atapambana liwiro lalitali pa masewera a Olympic a ku Munich mu 1972, anthu wamba miyandamiyanda a dziko lake, makalaliki, aphunzitsi ndi amayi a pa nyumba, anayamba kuthamanga m'misewu m'mawa kuti alimbitse thupi. Iwowa sanafune misomali; anafuna nsapato yofewa pansi, yosapweteka mawondo pa msewu wa tala. Bowerman anawapangira yotero. A Adidas anachedwa kuzindikira, pakuti kwa iwo wothamanga anali munthu wa pa bwalo wofuna mendulo, ndipo ngakhale nsapato zimene anali nazo sizinkakwana maoda a ogulitsa awo a ku America. Ife tiyesa kuti apa mphamvu ya Adolf ndiyo inasanduka chofooka chake: anadziwa phazi la katswiri kuposa munthu aliyense, koma phazi la kalaliki wonenepa sanaliyese kanthu.

Iye sanaone kugwa kwake. Pomwalira mu 1978 anasiya mafakitale 17 ndi malonda okwana mark 1 biliyoni pa chaka, kampani yake ikali yoyamba pa dziko lonse. Anakhala m'tauni ya kubadwa kwake moyo wake wonse, wosakonda kuonekera, ndipo alendo ena pomuona pa bwalo la fakitale ankamuyesa wantchito wamba. Koma pofika 1980 Nike inali itatenga pafupifupi theka la msika wa nsapato zamasewera ku America. Käthe anamwalira mu 1984, Horst namtsatira mu 1987 ali ndi zaka 51 zokha. Ana aakazi anagulitsa kampani mu 1990 kwa Bernard Tapie wa ku France, ndipo mu 1993 inalowa m'manja mwa Robert Louis-Dreyfus. Pa zaka zimenezo mafakitale a ku Germany ndi France anatsekedwa imodzi ndi imodzi, maoda napita ku Asia, ndipo kampani inachira pochita chimene Knight analemba ali pa sukulu. Kutsidya kwa mtsinje a Puma anachita chimodzimodzi. Osoka a ku Herzogenaurach, ana ndi adzukulu a anthu amene anakana kupatsana moni chifukwa cha nsapato, anachotsedwa ntchito mbali zonse ziwiri.

Kodi anapindula ndani? Ogula anapeza nsapato zochuluka, ndipo eni makampani analemera koposa kale. Za osoka atsopano nkhani yake ili pawiri. M'zaka za m'ma 1990 kunamveka madandaulo aakulu a malipiro ochepa, maola aatali ndi guluu wodwalitsa m'mafakitale a ku Indonesia, China ndi Vietnam, kufikira kuti mu 1998 Knight mwini wake analonjeza poyera kukonza zinthu. Komabe sitinganene kuti maiko olandira ntchitoyo anangodyeredwa. Amene anachenjera anaphunzira luso, nasunga ndalama, nakwera. Ku Taiwan banja la Tsai linayambitsa kampani ya Pou Chen mu 1969. Pamene malipiro a kwawo anakwera, iwo sanataye ntchito monga a ku Herzogenaurach, koma ananyamula luso lawo nakamanga mafakitale awoawo ku China, Indonesia ndi Vietnam, kufikira anakhala osoka nsapato zamasewera aakulu koposa pa dziko lonse. Kampani imeneyi yakhala ikusokera Nike ndi Adidas pamodzi, ndipo Puma nayonso inakhalapo pakati pa oipatsa maoda. Nsapato za abale amene mtsinje unawalekanitsa zinakakomana kwa mmisiri mmodzi wachilendo.

Tauni ya Adolf sinasanduke bwinja ayi. Malikulu a Adidas ndi Puma akali komweko, ndipo anthu zikwi zambiri a mitundu yosiyanasiyana amagwira ntchito yojambula nsapato zatsopano, kuziyesa ndi kuzilengeza. Ntchito ya mutu inatsala, ya manja ndiyo inapita. Ndipo mwana wa wosoka amene sanapite patali ndi sukulu sapeza malo m'maofesi amenewo. Fakitale ya ku Scheinfeld yokha ndiyo inapulumuka, kumene amasokako jombo za mpira za Copa Mundial, zimene zinatuluka mu 1979. Nsapato zoposa 90 mwa 100 zilizonse za Adidas zimachokera ku Asia.

Panali kuyesa kumodzi kobweza ntchitoyo kwawo. Akuluakulu a kampani anaona kuti nsapato yojambulidwa ku Germany imatenga miyezi yambiri kuti isokedwe ku Asia ndi kufika m'sitolo, ndipo anakumbuka ubwino wa benchi loyandikana ndi phazi. Anamanga fakitale ya makina odziyendetsa okha yotchedwa Speedfactory ku Ansbach, m'chigawo chomwecho cha Bavaria, imene inayamba kutulutsa nsapato zogulitsa mu 2017, ndi inzake pafupi ndi Atlanta ku America. Iliyonse inayenera kufika pa mapeyala 500,000 pa chaka ndi antchito ngati 160 okha, pamene kampani yonse inali kupangitsa mapeyala oposa 400 miliyoni pa chaka. Makinawo anatha kupanga mitundu yowerengeka chabe ya nsapato, ndipo ulusi, nsalu ndi mphira zambiri zinali kupezeka ku Asia, kumene ogulitsa zipangizo anamanga mozungulira mafakitale pa zaka 40. Mu November 2019 kampani inalengeza kuti idzatseka mafakitale onse awiri pofika April 2020, ndi kuti luso la makinawo lidzaperekedwa kwa osoka ake awiri a ku Asia.